Mmene Ndinamatira Kachitini ka Oliyo

Amene akufuna kuseka aseke tsopano amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona dzino la munthu panja. Iwe Jaime, ndakuona, usabise kamwa kuseri kwa ukondewo. Inu anyamata a pa Chiwanga pano mukandiona ine Barnaba nditakhala pansi pa boti, thonje uku phula uku, mumati nkhalamba iyi imangodziwa kalafati basi, kumata ming'alu ya maboti a eni. Simudziwa kuti manja omwewa anagwirapo motori, injini ya galimoto ya turubo, mpaka motoriyo anandipepesa. Ndikunama ine? Ndinabatizidwa ndili khanda, ndipo bodza langa lomaliza ndinalisiya ku Malawi pobwerera kuno nkhondo itatha.

Galimotoyo inali ya mlamu wanga Zakariya. Popita kukagwira ntchito ku Nampula anaisiya pakhomo panga n'kunena kuti, "Alamu, muziiliza chabe, musamasule kanthu." Inali galimoto yamphamvu koma yachifuwa. Ikatsokomola inkatulutsa utsi wakuda bii wokwera kumwamba ngati mzati, moti tsiku lina nditailiza m'mawa amayi a mudzi wonse anatuluka ndi malichero poyesa kuti nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja timene timadya tija, zatera kumtunda, anauthamangitsa utsiwo mpaka ku Metangula akupeta m'mwamba, ndipo amake Yohana, mkazi wanga weniweni, anabwerako ataumba chigumu chathunthu, tinadya, chinali chokoma ndithu koma chonunkha dizilo. Mukumva?

Nthawi imeneyo mwana wanga wotsiriza, Roza, anali ndi ezame ku Lichinga, mayeso olowera sukulu ya uphunzitsi. Ezameyo inali ya masana, ndipo wochedwa amamutsekera pakhomo, adikire chaka chathunthu akutembenuza usipa pathandala. Mwanayo anali atawerenga mpaka maso kufiira psuu. Iye ankafuna kukwera chapa, minibasi zathu zija, ngati anzake. Ine ndinati ayi, mwana wa Barnaba sangapite ku ezame atakhalira thumba la usipa, nkhuku ya mwini ili pamiyendo, pamene pakhomo pa atate ake pali turubo. Chinatsala n'kuchiritsa chifuwa chija, kuti tisakafike m'tauni ngati moto wa tchire.

Makaniko wina wa ku Metangula anandifotokozera matendawo. Anati motori amapuma ngati munthu, ndipo mpweya wake umatuluka ndi nthunzi ya oliyo, mafuta ofewetsa zitsulo aja, n'kudutsa m'paipi ya labala kubwerera kukhosi kwa turubo, ndiye kuti galimoto imameza makhololo ake omwe. Mankhwala ake n'kudula paipiyo pakati, kuikapo kachitini kogwira oliyoyo. Anandipatsa kotchipa, kopepuka ngati chikho, ndipo nditakatsegula kunyumba ndinapeza m'kati muli mbee, mulibe kanthu. Ndinati ha, kachitini kopanda matumbo kangagwire chiyani? Ndinalowa kukhitchini, ndinatenga waya yense wotsukira mapoto wa amake Yohana, ndinamupanikizira m'menemo kuti nthunzi ikalowa izikodwa n'kudontha pansi. Mapoto athu anada mpaka Pasaka, ndipo ine ndinanenedwa mpaka Pasaka yemweyo.

Kumangirira ndiye musanene. Ndinakaika chilili, kutali ndi moto wa turubo, n'kukagwiriziza ndi chitsulo cha boti lakale, n'kukulunga ndi mfundo yathu ya chingwe cha nangula, mfundo yoti ngakhale mwera utanyamula galimoto yonse kukaiponya ku Likoma, kachitiniko kakanatsala pomwepo kali lende m'malere, kakudikira galimoto ina. Apo zonse zinali bwino, ngakhale mzungu amene anapanga turubo akanandigwira chanza.

Koma kachitiniko kanali ndi milomo iwiri. Wina ndinalowetsamo paipi yochokera ku motori. Winawo ndinauyang'ana, iwo n'kundiyang'ananso. Anyamata inu, ine ndakalamba ndi ntchito ya kalafati, ndipo palibe boti linachoka m'manja mwanga lili ndi bowo. Ndinadzifunsa kuti, tagwira oliyo n'cholinga choti atulukirenso khomo lakuseri? Mono uli ndi khomo limodzi, nsomba ikalowa yalowa. Ndinati anthu opanga zotchipawa n'chifukwa chake, amasiya ntchito pakati. Ndinatenga thonje, ndinalikhomerera m'mlomo uja ndi tchizulo changa, ndinathira phula lotentha, kenaka ndinamatanso paipi yotsala yopita ku turubo. Ndinamata mwaluso moti ngakhale mzimu sukanadutsapo. Makaniko uja mwina ananenapo za mlomo wachiwiri, koma ine nthawi imeneyo ndinali kumufotokozera za maboti.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, Roza atavala bulauzi yake yoyera yopitira kutchalitchi. Utsi unalibe, zii! Turubo anaimba mluzu woti agalu a kutsidya anayankha, ndipo galimoto inathamanga moti chithunzithunzi chake chinatsalira pa Chiwanga pano n'kudzatipeza mawa lake pa chapa, hutala ndikaliza tinkaipitirira n'kumaimvera kumbuyo, nkhuku za pa msika wa Metangula zinathothoka nthenga zili zamoyo ogula n'kumathokoza, ndipo tinapitirira njinga yamoto imene mwini wake anatsika poyesa kuti yaima. Mukumva? Ine chigongono pawindo, ndikuuza mwana kuti aone mmene atate ake anabadwira ndi mutu.

Titayamba kukwera mapiri aja opita ku Lichinga, ndinamva motori akubuula. Kubuula kwa munthu amene wadya nyemba zambiri pamaliro koma akuopa anthu. Boneti inayamba kutupa, inatupa, inatupa ngati mimba ya mvuu yakufa, mpaka njira sindinkaionanso, ndinkayendetsa ndi kukumbukira chabe. Roza anati, "Atate, taimani." Ine ndinati imeneyo ndi mphamvu ikusonkhana.

Ndiye phuu! Boneti inayasama, ndipo vareta, kawaya kaja koyezera oliyo, inafwamphuka ngati muvi, inaboola mtambo mvula n'kugwa pa munda wa munthu mmodzi yekha chimanga chake n'kucha tsiku lomwelo, inapitirira n'kulasa chambo chimene nkhwazi inanyamula, inawoloka nyanja yonse chambocho chikuwotcheka ndi liwiro, n'kukatera pambale ya msuweni wanga ku Likoma ali pakati popempherera chakudya chopanda ndiwo, ndipo mpaka lero munthuyo saphonya mapemphero. Pabowo la vareta panatumphuka oliyo ngati kasupe, anakwera kuposa mitengo, anagwa ngati mvula yakuda pa ife, pamsewu, ndi pa anyani onse a m'phirimo amene anabwera kudzaonerera. Kayang'aneni nkhope za anyani a kumeneko ngati zinayera.

Galimoto inazima. Apa Jaime usaseke, chifukwa ine sindinaseke. Tinali pakati pa phiri, chapa zonse za m'mawa zinali zitadutsa kale, dzuwa likukwera. Roza anatsika. Bulauzi ija inali mawangamawanga ngati nkhanga. Sanalire, sanandinene, anangoyang'ana njira yopita ku Lichinga n'kuyang'ana dzuwa. Kunena zoona ndinachita mantha, mantha oposa a mwera umene unandigwirapo pakati pa nyanja. Ndinaona mwana wanga ali pathandala chaka chonse akutembenuza usipa, anzake akuphunzira. Ndinayamba kuzungulira galimoto ndikumenya matayala ndi phazi, chifukwa mwamuna ayenera kuoneka kuti akuchita kanthu.

Roza anasuzumira mu motori. Anagwira kachitini kanga, anatsata paipi ndi chala, n'kufika paphula paja.

"Atate, apa mwamata ndinu?"

Ndinati inde, ndi dzanja la kalafati limenelo, ngati mono, cholowa chisatuluke.

"Atate, mono umatsekera nsomba, koma madzi amadutsa."

Anyamata, ine ndatchera mono kuyambira ndisanamere ndevu. Ndinamupatsa mpata mwanayo kuti aphunzire kumaliza yekha maganizo ake, chifukwa kholo labwino silithamangira kuyankha. Iye anazula chipini cha kutsitsi kwake, anayamba kutokosa phula langa, ndipo kunali kulimbana, pakuti ntchito yanga sichoka mwachibwana. Thonje litatuluka, kachitini kanapuma mpweya wautali, fyuuu, woti mitengo ya mbali imeneyo inawerama ndipo sinadzukebe. Anatokosanso paipi inayo, n'kuilowetsa pamlomo wachiwiri uja, inakwana ndendende ngati kuti opangawo anachita dala.

Zotsalazo ndinachita ndine, ndipo pamenepo mundipatse ulemu wanga. Oliyo yense anali atathera pa anyani, ndiye ndinawathamangitsa phiri lonse, kugwira mmodzimmodzi n'kumufinyira mu motori ngati chovala chochapa, wamkulu wawo ndinamufinya kawiri chifukwa anandiyang'ana mwachipongwe, mpaka motori anakhuta. Amake Yohana amati anatiikira botolo la oliyo kumbuyo kwa mpando, koma iwo kuphiriko kunalibe, asamalowerere. Pabowo la vareta ndinatsekapo ndi chitsononkho cha chimanga, nditafunsa kaye mwanayo ngati bowo limenelo ndi lololedwa kutseka.

Motori analira. Kuchoka pamenepo sindinaikenso chigongono pawindo, ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, ndikupemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa ndi ena ongopeka. Tinalowa mu Lichinga dzuwa litapendeka kale, ndipo pofika pasukulupo mlonda anali akukoka chitseko. Anatiyang'ana, ine wakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi maso okha ali mbee, mwana ali ngati nkhanga, ndipo anafunsa ngati tachita ngozi. Ndinayesa kubisala kuseri kwa galimoto kuti ndisamuchititse mwana manyazi pamaso pa ana a m'tauni. Koma Roza anandiloza n'kunena mokweza kuti, "Awo ndi atate anga, ndiwo andibweretsa." Analowa, chitseko n'kutsekeka kumbuyo kwake. Ine ndinakhala pansi pamwala, ndipo oliyo wina anandilowa m'maso, n'chifukwa chake ankachucha madzi.

Tsono iwe Jaime ukuti anakonza galimoto ndi mwana, osati ine? Nanga dzanja lotokosa phulalo analitenga kwa yani? Nzeru za mono anazimva kwa yani? Ndikanapanda kumata, iye akanatsegula chiyani? Kachitini kaja kakugwirabe oliyo mpaka lero ku Nampula kumene galimotoyo inatsatira mwini wake, ndipo mlamu wanga sadziwa chifukwa chake motori wake amanunkha anyani.

Roza anakhoza, ndipo tsopano ndi mphunzitsi ku Lunho, kumene njira yake mukuidziwa, yothyola msana. Mlamu akabwera ndi galimoto patchuthi, ine ndimamuuza mwanayo kuti, mayi, lero ndikuperekeza ndekha pa turubo mpaka pakhomo pa sukulu. Iye amagwada bwinobwino, amathokoza mwaulemu, kenaka amatenga njinga yake yakapalasa. Akuti akufuna akafike.