Magalasi a dzuwa ndi tambala wa kunyumba

Mpaka lero ndikapita ku Kakumbi, alamu anga amandifunsa ngati maso anachira. Maso sanadwalepo. Chimene chinadwala ndi mutu, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera.

Zinali zaka za m'ma 1990, ndikugwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina m'mphepete mwa paki ya nyama zakutchire. Dzinja likafika misewu inkasanduka phala, alendo osabwera, ife n'kumangokhala. Alamu anga a Mwale, achimwene a mkazi wanga, anali sikauti woteteza nyama za m'pakimo. Iwo ndi amene anabweretsa njuga yotchedwa poka, yomwe anaiphunzira kwa alendo. Tinkasewera anthu anayi pakhonde pawo, cha m'ma fifitini awazi, mvula ikugwa.

"Alamu, n'zosavuta," anatero tsiku loyamba. "Aliyense makadi asanu. Awiri ofanana ali bwino, atatu ofanana aposa awiri, asanu a mtundu umodzi aposanso atatuwo. Mukaona kuti muli bwino, ponyani pakati zitsekerero za mabotolozi. Mnzanu aponye zofanana, kapena awonjeze, kapena athawe. Otsala aonetsana makadi, wamkulu atenga zonse."

"Nanga ndikakhala ndi zinyalala?"

"Limbani nkhope ngati muli ndi makingi anayi. Onse akathawa, mwadya, ndipo makadi anu palibe awaone."

Apa ndi pamene panali vuto. Ine nkhope yanga ilibe chitseko (mkazi wanga amadziwa kuti ndalawa ndiwo ndisanalowe n'komwe m'nyumba). Ndikapata makadi abwino maso ankatuzuka, ndikapata oipa ankagwa. Sabata yonse zitsekerero zanga zinkatha ine ndisanakhazikike bwino pampando.

Ndiye ndinakumbuka magalasi a dzuwa amene mlendo wina anandisiyira, onyezimira bwino. Ndinawavala Loweruka, kunja kuli mitambo bii.

"Mwaswera bwanji alamu? Kodi maso?" anafunsa a Mwale.

"Akuyabwa pang'ono," ndinanama.

Anayang'anana ndi anzawo awiri aja. Ndinadya kawiri motsatizana (pano ndikudziwa kuti anandilekerera dala), mtima n'kukwera. Kenaka a Mwale anati zitsekerero n'za ana. Iwo aika nsomba zouma mtanga wathunthu, ine ndiike chiyani?

"Tambala," ndinatero. Tambalayo sanali wanga. Anali wa mkazi wanga, womusungira Khirisimasi.

Anagawa makadi. Ine ndinapata zinyalala zenizeni, kupatula matu awiri, makadi a nambala 2. Ndinawakweza pafupi ndi nkhope kuti wina asasuzumire, ndinalimba nsagwada, n'kukankha zitsekerero zonse pakati. Anzathu awiri anathawa. A Mwale anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, mpaka kupendeketsa mutu, ine n'kumati bamboyu wachita mantha.

"Tionetsane," anatero, n'kugoneka mafoo awiri okha.

Mafoo awiri! Munthu woika mtanga wa nsomba pa mafoo awiri! Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti alamu anga ali ndi mankhwala.

Ndinapeza mkazi wanga akukonzekera kupita kukwaya. Ndisanayambe n'kuyamba kukonza bodza, anandigwira mapewa.

"Atate a Mercy, imani pomwepo. Musagwedezeke."

Anasuzumira m'magalasi anga, n'kukonza duku lake bwinobwino, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kupukuta kachitsotso patsaya. Ndinavula magalasi aja n'kuwatembenuza, ndipo ndinadziona ndekha mpaka mabatani a malaya. Ndinaulula zonse nditaimirira.

Ndinkayembekeza mkuntho, koma mayiyu anaseka mpaka anakhala pansi, kukwaya n'kuchedwa. Atatha anati, "Tambala mukamupereke nokha, masana, mutavala magalasi anuwo."

Ndinayenda mudzi wonse tambala kukhwapa, amayi otunga madzi kudilawo akundipatsa moni kawirikawiri. Lamulungu a Mwale anatiitana tonse kukadya tambala uja. Iwo anapatsa mkazi wanga ntchafu monga mlongo wawo, ine anandiikira khosi ndi zipalapaso, ndipo kunena zoona zinali zokoma.

Mungaganize kuti ndinasiya poka. Titangosamba m'manja, ndine amene ndinafunsa kuti makadi ali kuti.