Chigayo cha apongozi chitakana kuzima

Mpaka lero ku Zóbuè kuli amayi ena amene akandiona ndikutsika minibasi, imene kuno timati shapa, amayamba kusasa mipango yawo. Amangosasa, kenako n'kuseka. Ana awo sadziwa chifukwa chake, koma ine ndikuchidziwa bwino, ndiye ndi bwino ndiulule ndekha asanandiululire ena mothira mchere.

Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi kumene tinathawira, ndipo ine ndinapeza malo pa ofisina ina ku Moatize, yokonza zamagetsi za ku mgodi wa malasha. Wondiphunzitsa ntchito anali Mestre Bonifasiyo, Mnyungwe wamfupi, wosalankhulalankhula koma woona zonse. Nditakhala naye zaka ziwiri ndinayamba kumva ngati magetsi onse a m'chigawo cha Tete akudikira ine. Kachitsulo koyesera moto ndinkakapachika pathumba la pachifuwa ngakhale popita ku Misa.

Ku Zóbuè ndinali ndi chibwenzi, Rozalina, amene tinadziwana pamjigo kumsasa wa othawa nkhondo. Ankhoswe anga anali atapita kale kukafunsira mbeta, koma yankho silinkatuluka. Amayi ake, amene anali amasiye ndiponso eni chigayo cha pafupi ndi msika, ankangoti ayambe amuona munthuyo. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, akundionabe. Kunena zoona mtima unali m'mwamba, chifukwa Rozalina ndinkamukonda kwambiri, ndipo panali mphunzitsi wina wa njinga yatsopano amene ankagayitsa chimanga kawirikawiri kuposa mmene munthu wosakwatira amadyera.

Chigayocho chinali ndi vuto limodzi. Magetsi a masiku amenewo ankaphethira ngati munthu wa tulo, ndipo akangophethira chigayo chinkaima, mpaka wina akadinenso batani. Wodina anali a Zakariya, mlongo wawo wa amayi aja, atsibweni a Rozalina, amene makutu awo anathera m'zigayo. Patsiku ankadina mwina kakhumi, amayi a pamzere akudandaula.

Kwa amene simuli a ntchitoyi, chimene chimayatsa mota wamkulu ndi kabokosi kotchedwa kontatoro. Ukadina batani lobiriwira kamakoka, n'kulumikiza moto. Ukadina lofiira, kapena magetsi akafooka, kamasiya. Ndiye pali kachipangizo kena kokwera pamwamba pake, ife timati trinku, kamene kamagwira ngati mpiringidzo wa pachitseko: kakakola, kontatoro imakhalabe yolumikiza ngakhale magetsi athime. Ine nditakaona ku ofisina ndinati basi, ukwati wanga ndi umenewu.

Ndinapempha trinku yakale kwa Mestre. Atandifunsa za ntchito yake ndinati ndi ya pampu ya madzi ya kwathu. (Eya, ndinanama. Ndinkadziwa kuti ndikati chigayo andikaniza.) Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu asanandipatse.

“Shamwali,” anatero, akuloza kasikuluwu komangira trinkuyo, “parafuzu iyi uzipotoza pang'ono pang'ono, ndipo ukapotoza uziyesa batani lofiira. Lobiriwira ndi la ana. Komanso chinthu ichi sachiika pa makina amene anthu amapisamo manja.”

Ndinamva. Sindinganame kuti kunali phokoso kapena kuti Chinyungwe chinandivuta. Ndinamva zonse, koma mumtima ndinati achikulire amaopa ndi mthunzi womwe.

Loweruka m'mawa ndinakwera shapa, kusiya kutentha kwa Moatize n'kukwera mapiri, nditavala ovolosi yochapa ndi kusita. (Ndani amasita ovolosi? Ine.) Nditafika ndinapeza mzere wa amayi ndi malichero ndi matumba awo, ndipo mbiri inali itafala kale kuti mkamwini wa ku Moatize akubwera kudzachiza chigayo.

Apa ndifotokoze kaye za mwambo, chifukwa achinyamata a lero mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu. Kwathu, kungoyambira pamene ankhoswe apita, mwamuna ndi amayi a mkazi sayang'anana, salankhulana, sayandikana. Mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Mawu akakhalapo amadzera mwa munthu wina. Choncho nditangolowa m'chigayomo apongozi anatuluka, n'kukakhala kuseri kwa nyumbayo atafunda nsalu.

Chigayocho chinali chipinda chimodzi cha malata, cha khomo limodzi. Bokosi la magetsi, pamodzi ndi chogwirira chachikulu chozimitsira zonse, linali pakona yakumapeto, kuseri kwa makina, ndipo kanjira kofikira kumeneko kanali kongokwana munthu mmodzi. Ndinazimitsa moto, n'kukweza trinku pa kontatoro, n'kulumikiza timawaya take tiwiri, uku ndikuimba likhweru kuti a panja amve kuti ntchitoyi kwa ine ndi masewera.

Titayesa koyamba, chigayo chinalira bwino. Magetsi ataphethira trinku inapulumuka, chigayo n'kuima monga mwa masiku onse. Pamzere panamveka kuseka, ndipo mayi wina anafunsa mnzake, mokweza dala, ngati ku Moatize amaphunzitsa kusita kokha. Makutu ananditentha. Ndinatenga shave, kachitsulo kathu kopotozera, n'kupotoza parafuzu ija, osati pang'ono pang'ono koma katatu kathunthu, n'kuwonjezeranso kena kuti mayi uja amve bwino.

Ulendo wachiwiri magetsi anaphethira, babu linafiira ngati khala, koma chigayo chinangobuula n'kupitiriza. Anaphethiranso, chinapitirizabe. A Zakariya anandigwira chanza ndi manja awiri. Amayi ena analuluta. Rozalina anabwera ndi madzi m'beseni n'kugwada kuti ndisambe m'manja, akumwetulira chakumbali, ndipo ine ndinatuluka panja ngati munthu amene wapha mkango. Batani lofiira silinabwere n'komwe m'mutu mwanga.

Poti ine ndinali nditatuluka, apongozi anapeza mpata wolowa kuti akaone ntchito ya mkamwini wawo. Anadutsa kanjira kaja mpaka kukafika pabokosi. Nthawi yomweyo kansalu kotsitsira ufa, kaja kokhala ngati mwendo wa buluku, kanavuka pa paipi. Chingwe chake chinali chozolowera kupuma kakhumi patsiku, ndipo tsikulo sichinapume.

Ufa unayamba kuuluka m'chipinda monse. A Zakariya anadina batani lofiira. Linangoti tha, chigayo osaima. Anadinanso, analimenya ndi chibakera, koma trinku ndinali nditaimanga moti ngakhale ng'ombe sikanaimasula. Ndinathamangira mkati, ndipo mu utsi woyerawo ndinaona kuti pakati pa ine ndi chogwirira chozimitsira paima apongozi.

Ndinaima. Iwonso atandiona anachita zimene mayi wolemekezeka amachita: anatembenuka, n'kufunditsa nkhope, n'kuyang'ana kukhoma. Tsono khoma lake linali bokosi lomwelo. Ndinabwerera chambuyo kuti adutse, koma iwo ankadikira kuti ndituluke kaye, ndipo poti anali atafunda sankaona kuti ndatuluka. Ndikalowanso kuti ndione ngati achoka, ndinkapeza akusuzumira kuti aone ngati ndachoka, n'kufundanso. Tinachita zimenezi katatu, ufa wa anthu ukupita kudenga.

Ndinakuwira a Zakariya kuti auze amayi akoke chogwiriracho. Iwo anangogwedeza mutu mondivomereza, n'kuthira chimanga china m'chigayo. (Pambuyo pake anandiuza kuti ankaganiza kuti ndikuti makina asayende opanda kanthu.) Rozalina, amene akanatha kutilumikiza, anali atapita kukataya madzi aja. Amayi a pamzere anali atadzaza pakhomo, aliyense akulangiza zake, onse atayera nsidze.

Amene anatipulumutsa ndi magetsi omwewo. Anathima zenizeni, chigayo n'kuima. Kunangoti zii. Apongozi anatuluka pang'onopang'ono, oyera kuyambira kumpango mpaka kumapazi, ulemu wawo uli wonse, ndipo palibe amene anayerekeza kuseka mpaka mayi wa zosita uja atayetsemula. Apo ndiye anthu anagwa pansi ndi kuseka. Ine ndinakakhala pamwala patali, ndikuwerenga mumtima masiku amene mphunzitsi wa njinga adzatenge kuti amve nkhaniyi.

Anthu anayamba kusesa. Apongozi anatenga tsache n'kuima pakhomo penipeni. A Zakariya anatenga sipanala, nati akatsegule chitseko cha makina aone ngati sefa yang'ambika. Ndinawaona akulowa, ndinamva sipanala ikugogoda, ndipo mwadzidzidzi ndinakumbukira. Trinku inali ikadakola. Chigayocho sichinazime, chinkangodikira magetsi, ndipo akabwera chidzayamba chokha, dzanja la munthu lili m'kati mwa nyundo zake.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji pamwala paja. Ndikukumbuka kuti pakhomo panali apongozi, ndipo ulendo uno sindinaime. Ndinawagwira m'mapewa ndi manja anga awiriwa, n'kuwasuntha ngati thumba la chimanga, n'kudumphira a Zakariya, kuwakoka malaya mpaka tonse tinagwera chagada. Tisanadzuke n'komwe babu linayaka, chigayo n'kubangula chokha popanda wochidina. Bawuti imodzi yokha ndi imene inali itatsala kuti chitseko chija chitseguke.

Ufa wotsala m'paipi unandipeza nditayasama. Ndili chikhalire pansi, ndikutsokomola, ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo akulankhula kwa ine, pafupi ndi khutu langa.

“Nanga mukudikira chiyani, bambo? Njira ija ilipo tsopano. Kazimitseni chinthu chanucho.”

Ndinakwawa n'kukakoka chogwirira chija. Kenaka ndinamasula trinku n'kuiika m'thumba, ndipo parafuzu ija inandivuta kumasula ine mwini wake.

Madzulo ake apongozi anandiitanira pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Ndinkadziwa kuti zanga zada. Ndinali nditamwaza ufa wa mabanja angapo, nditatsala pang'ono kudula mkono wa atsibweni, ndipo choposa zonse ndinali nditagwira apongozi pamaso pa msika wonse. Ndinagwada patali. Apongozi ananong'oneza a Zakariya kuti andiuze, koma a Zakariya sanamve. Ananong'onezanso, sanamvebe. Pomaliza anatopa, n'kuchotsa nsalu kumaso, n'kundiyang'ana.

“Ndakhala ndikukuonani miyezi iwiri,” anatero, “koma lero ndaona anthu awiri. Woyamba anandipatsa ulemu n'kutaya ufa wa anthu. Wachiwiri anandikankha n'kusunga mkono wa mlongo wanga. Mwana wanga ndikupatsa wachiwiriyo. Woyamba uja mukamusiye ku Moatize.”

Ndinalira, ndikuvomera, ndipo misozi pa nkhope ya ufa imasiya mizere imene aliyense amaiona. Rozalina anali kuseri kwa nkhokwe akuseka mpaka kugwira m'mimba. A Zakariya, amene sanamve kalikonse, anafunsa ngati mlandu wayamba. Atawakuwira m'khutu kuti watha, anagamula kuti poti ndagwira apongozi ndibweretse tambala, mwambo ukonzeke. Ufa wa anthu apongozi anabweza kuchokera m'nkhokwe mwawo, ndipo ine ndinaubweza ndi khasu m'munda mwawo dzinja lonse lotsatira.

Lolemba ndinakabweza trinku ku ofisina. Mestre anaitembenuza, anaiuzira, ufa n'kutuluka. Anayesa parafuzu ndi chala, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati pampu ya kwathu ikuoneka kuti imagaya mgaiwa wabwino. Mwezi wonse anandipatsa ntchito imodzi yokha: kumanga trinku pa kontatoro yakale, kudina lofiira, kumasula, kumanganso.

Tinakwatirana chaka chomwecho. Pa akamwini onse a pabanjapo ndine ndekha amene ndimakhala pakhonde ndi apongozi n'kumacheza nawo maso ndi maso, anzanga akuzungulira kuseri kwa khola. Amandikonda, ndipo amauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi mmisiri wamkulu wa zamagetsi, wodziwika mpaka ku Tete. Koma chaka chatha babu la pakhonde pawo litapsa, ndinangoti ndiimirire pampando kuti ndilisinthe. Anandigwira mwendo wa buluku, nati ndikhale pansi ndimwe tiyi wanga, aitana kale munthu wodziwa.