Tsiku Limene Ndinaba Apongozi Anga M'chipatala

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuikamba pagulu. Koma poti pa esiteti yonse palibe amene sakuidziwa, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, ndiye muziseka mondimvera chisoni.

Ine ndine kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Mowa sindimwa, mpira sindibetcha. Matenda anga ndi amodzi: mabuku a nkhani zopeka za m'chipatala, aja amati medical thriller. Tikapita ku Limbe, anzanga akamasankha nsapato pa kaunjika, ine ndimakhala nditanjuta pa mulu wa mabuku akale, kufuna lokhala ndi jakisoni pachikuto.

Ndipo musawanyoze mabuku amenewa! Wolemba wake amakugwira pa tsamba loyamba ndipo sakusiya mpaka tiyi wako atazizira. Amakulowetsa mu theatre, mochitira opaleshoni, momwe sunapondemo, n'kukuonetsa mmene mtima umapopera magazi, iwe osadziwa kuti uli m'kalasi. Ngwazi yake sikhala msilikali wa mfuti ayi, amakhala nesi wotopa amene wakana kutseka pakamwa ataona zolakwika. Ukamaliza buku, ukakumana ndi munthu wovala zoyera umafuna kumuvulira chipewa.

Anandithandizaponso zenizeni. Apongozi anga aamuna, a Mulipa, omwe kale anali kapitawo, anabayidwa ndi chitsa pa mwendo wakumanzere m'munda mwawo mwa tiyi. Iwo ankangotsuka chilondacho ndi madzi amchere n'kumati chipola chokha. Tsiku lina ndinauyang'ana mwendowo: wotupa, wonyezimira, iwo akunjenjemera dzuwa lili phwee.

"Bambo, iyi ndi infection," ndinatero. "Ikalowa m'magazi, zinthu zivuta."

"Mkamwini, munayamba liti udokotala?"

Ndinakakamirabe mpaka tinawatengera ku chipatala cha pa esiteti. Adokotala, mayi wamfupi woseka pafupipafupi, atauona mwendowo anati, "Amene wakubweretsani wachita bwino. Mukanachedwa tikanakamba zina." Anawagoneka pa bedi yapakona, n'kuwaika pa dilipi.

Mutu wanga unakula ngati dengu la masamba. Apongozi aakazi anandiphera nkhuku. Ine mkamwini, amene pamudzi paja ankangondidziwa pa nkhani yokweza udzu padenga!

Koma mabuku amenewa ali ndi chilema chake, ndipo sachilemba pachikuto. M'menemo mulibe chinthu chochitika wamba. Dokotala akamwetulira kwambiri, ndiye wakupha. Chitseko chikakhala chokiya, kuseri kwake kuli impso mu fuliji. Palibe amene amangodwala malungo, kumwa mankhwala, n'kubwerera kwawo. Ukawerenga ambiri, maso ako amayamba kuona chiwembu ngakhale mu phala.

Patapita masiku angapo apongozi anayamba kupeza bwino, dilipi n'kuchotsedwa. Tsiku limenelo ndinali pa off, ndiye azimayi atapita kukaphika anandisiya ine ngati gadiyani. Madala ali mtulo, ine ndinakhala pansi pafupi ndi windo, buku m'manja. Linali la chipatala china kumene anthu ankalowa ndi kabala kakang'ono n'kudzuka ziwalo zitasowa.

Kenaka ndinamva mawu panja pa windo. Adokotala aja ankayankhula ndi bambo wina wa mawu okhuthala.

"Mwauona mwendo uja wa pakona?"

"Ndauona, adokotala. Wakumanzere uja watha. Wadyeka mkati monse."

Buku linandipulumuka m'manja.

"Sungakonzeke?"

"Ayi, ungodulidwa basi. Macheka ndabwera nawo."

"Chabwino. Madalawo tiwagoneke kaye m'chipinda chinacho kuti inu mugwire ntchito momasuka."

"Nanga zotsalazo?"

"Zimene zili zabwino musataye. Ku wodi ya amayi kuli ina ikufunika zomwezo."

Abale anga! Chapter yomwe ndinkawerenga ija inali itatuluka m'buku n'kuima pa windo! Ndinasuzumira. Bamboyo anali atavala dasikoti, chijasi chachitali chija chogwirira ntchito, ndipo adokotala ankamwetulira. Ankamwetulira!

Munthu wanzeru akanatuluka n'kufunsa. Koma m'mabuku anga aliyense amene amafunsa amafa pa tsamba lotsatira.

Kwathu kuno mkamwini sagwiragwira apongozi. Tsiku limenelo mwambo ndinauika m'thumba.

"Bambo! Dzukani! Tikupita!"

"Atipatsa discharge?"

"Ndadzipatsa ndekha. Akufuna kukudulani mwendo!"

"Mwendo uti? Uwu ukupolawu?"

"Amatero kumene, bambo. Amadikira upole kaye!"

Pakhomo pa wodi panali wilitcheya. Ndinawanyamula ngati thumba la feteleza, n'kuwaikapo, n'kuwafunditsa bulangete mpaka kumutu. Pa geti alonda anatiyang'ana.

"A kalaliki, mukupita nawo kuti odwalawo?"

"Kukawothera dzuwa."

"Atafunda kumutu?"

Titangokhota, ndinaliyatsa liwiro.

Amene mukudziwa Thyolo mukudziwa kuti kuno kulibe msewu wopanda chitunda. Chipatala chili pamwamba, msewu wadothi umatsetsereka pakati pa minda ya tiyi. Poyamba ine ndinkakankha wilitcheya. Pasanapite nthawi wilitcheya inayamba kukoka ine.

"Mkamwini, buleki!"

"Ilibe, bambo!"

Apongozi anasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, chija amayankhula akafuna kuti mizimu ya makolo imve. Azimayi othyola tiyi anaimika manja, madengu ali kumsana. Onse amandidziwa, si ndimawayezera masamba tsiku ndi tsiku?

"A kalaliki!" anakuwa mmodzi. "Amenewonso mukukawaika pa sikelo?"

Pa kona ya msewu tayala linagunda mwala. Wilitcheya inaima, apongozi sanaime. Anauluka pang'ono n'kukatera chagada pamwamba pa tiyi. Mulungu adalitse amene amadulira tiyi ameneyo! Ndi wosalala ngati tebulo, ndipo anawalandira bwinobwino ngati matiresi. Anangogona pamenepo, miyendo yonse iwiri kumwamba, akuyang'ana mitambo.

Nthawi yomweyo akazi anga anatulukira chakumunsi, basiketi ya chakudya pamutu.

"Bambo a Yankho! Ababa akutani pa tiyipo?"

"Ndawapulumutsa!"

"Kwa ndani?"

Chakumtunda kunkatsika gulu: adokotala patsogolo, anesi, alonda, ndipo kumbuyo kwawo bambo wa dasikoti uja akuthamanga, macheka ali m'manja!

"Ukuona?" ndinakuwa. "Atitsatira nawo mpaka kuno!"

Ndinaima pakati pa msewu, manja nditatambasula. Azimayi othyola tiyi anali atasonkhana, kapitawo wawo nayenso wasiya ntchito. Mumtima ndinati, lero ndilo tsamba lomaliza, pamene chilungamo chimaonekera.

"Adokotala, ndamva zonse!" ndinatero mokweza. "Mwendo wakumanzere, wa pakona! Macheka! Zotsala mukapereke ku wodi ya amayi! Ngati mukufuna mwendo, dulani wanga!"

Adokotala anayang'ana bambo wa macheka. Bambo wa macheka anayang'ana macheka ake ngati akuwaona koyamba.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "ine ndine mmisiri wa ku workshop. Mwendo ndi wa bedi."

"Wa chiyani?"

"Wa bedi yapakona ija. Unachita dzimbiri. Tikufuna tiudule tiwotcherere wina, madalawa asadzagwe. Simunaone njerwa imene tinachirikizira?"

Njerwayo ndinaiona. Ndinkaikapo kapu yanga ya tiyi.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindikukhulupirira kuti ku Luchenza sanakumve. Mayi wina anakhala pansi ndi dengu lake lomwe. Alonda anagwira m'mimba. Akazi anga okha ndiwo sanaseke, anangotula basiketi pansi mwaulemu kwambiri, ndipo ine ndinadziwa kuti mlandu wanga ukazengedwa kunyumba.

Adokotala anayamba ayang'ana bala la apongozi. Bandeji inali pamalo pake. Atatsimikiza kuti zonse zili bwino, anapukuta misozi ya kuseka n'kunditembenukira.

"Mukuwerenga lija la ziwalo zosowa, eti? Ndinaliona pansi pa bedi."

"Eee, adokotala."

"Inenso ndinaliwerenga ndili ku koleji, ndipo ndinalimaliza osadya. Sindilinyoza, chifukwa mabuku omwewo ndi amene anakupangitsani kuwabweretsa bambowa msanga. Kungoti olemba ake sanagonepo pa bedi zathu. Kwawoko choopsa ndi dokotala. Kuno choopsa ndi dzimbiri."

Tinawatsitsa apongozi pa tiyi paja, anthu anayi, n'kuwabwezera pa wilitcheya. Ndinagwada pamsewu pomwepo, fumbi lili m'mawondo.

"Bambo, pepani. Ndimafuna kukuthandizani."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, tsamba la tiyi lili pakhutu.

"Mkamwini, mtima wanu ndauona, ndi wabwino," anatero. "Munthu wopereka mwendo wake chifukwa cha apongozi sapezekapezeka." Kenaka anatembenukira kwa mmisiri uja. "Inu a macheka, mukathana ndi bediyo musapite. Muwatsegule awa kumutuku, muone ngati mulibe dzimbiri."

Chitunda chija ndinawakankha ndekha pobwerera, palibe anandithandiza. Mwendo wawo unapola, ndipo lero akuyenda bwinobwino. Mabuku anga sindinasiye, ndipo sindidzasiya.

Koma inu anzanga okonda kuwerenga, musanathawitse wodwala, yambani mwafunsa kuti mwendowo ndi wa ndani.