Azakhali a ku Katete ndi Chaputala Changa Chomaliza

LOLEMBA

M'mawa. Kabwe kuli mphepo ndi fumbi. Kwatsala masabata awiri kuti ndikwatiwe ndi Bwalya ndi kumutsatira ku Solwezi kumene amagwira ntchito. Kwatsala masiku asanu kuti kafukufuku wanga wa masitazi alowe. Za ukwatizo akudziwa aliyense mpaka agalu a pa Mukobeko pano. Za kafukufuku tikudziwa awiri, ine ndi khoma limene ndamatapo pepala.

Nkhani ili apa: a Dokotala Chanda, amene amayang'anira ntchito yanga ku yunivesite, ayenera kusaina fomu yonena kuti buku langa lakonzeka kupita kwa oyesa. Fomuyo ikapanda kulowa pofika Lachisanu, ndiye mpaka chaka cha mawa. Chaka cha mawa ndidzakhala mkazi wa mwini kutali uko, ndipo ndikuopa kuti sindidzabweranso. Zaka ziwiri ndakhala ndikutsata amayi otola zitsulo ku komboni ya Makululu, kuwafunsa mafunso, fumbi mpaka m'mano. Sizingathere m'katoni.

Pulani:
1. Lero, kumaliza chaputala faifi.
2. Lachiwiri, kukonza mndandanda wa mabuku amene ndinawerenga (ndi amene ndinangoona chikuto).
3. Lachitatu, kutumiza pa imelo.
4. Lachinayi, kupulinta, ofesi, siginecha.
5. Lachisanu, kugona ngati munthu.

Ndi pulani yabwino. Ndaikongoletsa ndi bolopeni yofiira.

Masana. Mayo ine! Azakhali, alongo awo a adadi, atsika minibasi pageti kuchokera ku Katete. Amayenera kubwera Loweruka. Atsika ndi mphasa, thumba la nshawa, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, ndi nkhope ya ntchito. Akuti abwera msanga kudzandilangiza. "Mwana wa achimwene anga sangapite kwa Abemba ali mbuli, angatiseke."

Mbuli! Ine wa madigiri pafupifupi awiri.

Mphasa ayala kuchipinda kwanga. Tebulo langa atulutsa, akuti likudya malo. Lero ndalemba mizere inayi, ndipo umodzi ndi mutu.

LACHIWIRI

Sukulu ya azakhali yatsegulira. Kulibe buleki. Malamulo:

Wamkulu akamalankhula, maso pansi.
Yankho ndi limodzi basi: "Ndamva, zikomo."
Mawu oti "koma" mkazi wolangizidwa amawasiya pakhomo ngati nsapato.
Foni asunga azakhali. Aiika pachifuwa, mkati mwa bulauzi, kumene ngakhale apolisi sangafike.
Mkwatibwi satuluka yekha.

Ndagwada. Ndadzuka. Ndagwadanso chifukwa bondo lamanzere linatsogola. Ndapereka madzi osamba m'manja kwa adadi kasanu ndi kawiri, mpaka zala zawo zachita makwinya. Adadi agwira ntchito kundende kuno kuyambira ndisanabadwe, ndipo anangoti chapansipansi, "Kwathu kuntchito akaidi timawalola kukawothera dzuwa." Azakhali anawayang'ana kamodzi. Adadi anapita kukaona ngati njinga ili ndi mpweya.

Amami sakuthandiza. Akungoseka kukhitchini, akuti iwonso anadutsa momwemu ndipo sanafe. Sanafe inde, koma analibe chaputala faifi.

Foni ikulira pachifuwa pa azakhali. Iwo sakugwedezeka n'komwe. Mwina ndi Bwalya. Mwina ndi a Dokotala. Mwina ndi uthenga wonditsatsa mabandulo. Sindidzadziwa.

Laputopu ndatsegula mphindi makumi awiri pamene azakhali amasamba. Magetsi apita ndili pakati pa chiganizo. Mawondo akuwawa. Pulani ndaisintha: zonse za Lolemba ndi za Lachiwiri zapita Lachitatu. Lachitatu likuoneka lonenepa.

LACHITATU

Ndadzuka kusanawale bwino. Ofesi yanga yatsopano ili kuseri kwa khola la nkhuku: mpando ndi njerwa, tebulo ndi ndowa yovundikira. Batire ili pakati. Nkhuku za ku Katete zikundiyang'ana ngati zikudziwa kuti tonse tatsala ndi masiku ochepa pakhomo pano.

Koma ndalemba! Munthu akakhala ndi mantha amalemba. Zonse zimene a Dokotala anadandaula mu Marichi ndinakonza kale miyezi yapitayi, chinatsala ndi chaputala chomalizachi. Chatha batire itatsala pang'ono kufa. Ndabwereka foni ya adadi mobisa, ndatumiza buku lonse pa imelo. Adadi anaima pakona kulondera. Ntchito yawo ndi yomweyo, kungoti lero amathandiza mkaidi.

Ndavina pang'ono. Ndaponda zitosi.

Masana, phunziro latsopano. Azakhali akunena dala zinthu zabodza kuti aone ngati ndiyankha. Akuti apongozi adzandiyesa chomwechi.

"Ndiwo izi wachulutsa mchere." Ine ndisanathire n'komwe! Ndati, "Koma azakhali..." Anditsina pantchafu. Kutsina kwa ku Katete, kopotokola.

"Chitenje ichi wachapa ndi matope." Ndatsegula pakamwa. Anditsinanso.

"Lero ndi Lachisanu."

"Ndamva, zikomo."

"Nkhuku iyo ndi bakha."

"Ndamva, zikomo."

Akuti ndayamba kuchita bwino, mutu wanga si wouma ngati mmene amaopera. Ndadzipeza ndikukondwa. Zandiopsa.

Ndawapempha chilolezo cha mawa, nditagwada, maso pansi, bondo lamanja patsogolo. Avomera! Koma akuti tipita limodzi, akaone "aphunzitsi amene akuchedwetsa mwanayu."

LACHINAYI

Sindikufuna kulemba za lero. Ndilembabe.

M'tauni kopulintira kulibe magetsi. Tayesa malo atatu. Kwachitatu jenereta ilipo koma mwini wake wapita kukagula petulo, ndipo anapita kalekale. Ndati palibe kanthu, imelo ndinatumiza, a Dokotala ali nalo buku.

Mu minibasi azakhali akhala pazenera, chikwama changa pamiyendo pawo. Andiveka chitenje pamwamba pa siketi ndi duku mpaka m'maso. Pakampasi anzanga a m'kalasi andidutsa osandizindikira. Mmodzi wandipatsa moni wa amayi akuluakulu.

Mu ofesi muli mipando iwiri. Azakhali akana mpando, akhala pansi, andikokera pansi pomwepo. A Dokotala aima, akhala, aimanso, sakudziwa kuti ayang'ane kuti. Ali pachangu, chikwama cha paulendo chili pakhomo.

Ndiye atenga buku patebulo. Ndaliona ndi diso la m'mbali. Chikuto chobiriwira, kona yopindika, dontho la tiyi. Ndi lakale! La mu Marichi! Imelo yanga sanaitsegule.

"Chaputala fo chilibe matebulo. Chaputala faifi kulibiretu. Zimene ndinanena simunakonze ngakhale chimodzi."

Ndati, "Koma a Dokotala..." Pantchafu, tswii.

"Miyezi yonseyi mumatani?"

"A Dokotala, limenelo ndi..." Tswii, malo omwewo.

Azakhali aomba m'manja mwaulemu. "Mumukhululukire bambo, ndi mwana. Tikumulangiza."

A Dokotala apumira m'mwamba, afewa. Akuti akumvetsa, ukwati ndi chinthu chachikulu, sikoyenera kuthamangitsa ntchito. Atenga fomu. Achonga kabokosi ka pansi, koti ntchito sinakonzeke. Asaina bwinobwino, siginecha ija ndakhala ndikuilota. Kenako andifunsa, "Pali chimene mukufuna kunena?"

Andifunsa ndithu. Adikira ndithu.

"Ndamva, zikomo."

Chimene chikundiwawa ndi ichi, ndipo ndikulemba kuti ndisadzaname m'tsogolo: azakhali ananditsina kawiri basi. Kachitatu manja awo anali pamiyendo pawo. Ndinakhala chete ndekha, maso ali pa kapeti. Masiku atatu okha a pamphasa agonjetsa zaka zonse za kusukulu.

Pobwerera azakhali andigulira chimanga chootcha. Ndadya chonse ndikulira. Iwo akuti ndi bwino, mkwatibwi amayenera kulira.

LACHISANU

Pulani yatsopano, yomaliza:
1. Kuthawa.
2. Kupeza a Dokotala.
3. Kutsegula pakamwa.

Pakhomo pali piringupiringu. Mawa ndi chilanga mulilo, mwambo wa kwawo kwa Bwalya, pamene a kuchikazi amaphika zakudya za mitundumitundu ndi kukatula kwa mkamwini. Amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwathu adzaza bwalo. Mbaula zisanu ndi imodzi. Nkhuku za ku Katete zapita kale.

Ndawauza amami zonse kubafa, monong'ona. Sanaseke. Anangopukuta manja, n'kutuluka, n'kukuwa kuti anthu onse amve: "Tomato wachepa! Iwe, thamangira kumsika!" Azakhali anali kalikiliki kutsutsana ndi mayi wina za mmene amaphikira chikanda, sanatembenuke.

Ndathamanga. Chitenje ndavulira pasiteji. Minibasi yadikira kudzaza mpaka ndayamba kuwerenga misomali ya padenga. Mu njira monse ndikuyeseza: limenelo ndi lakale, latsopano lili pa imelo. Limenelo ndi lakale. Mayi wa pambali panga wasuntha pang'ono.

Chitseko cha a Dokotala chokhoma.

Mayi wa mu ofesi yoyandikana akuti a Dokotala ananyamuka dzulo lomwelo masana, apita kutali kukayendera ophunzira, abwera mwezi wa mawa. Mafomu onse anapereka asananyamuke, ndipo mndandanda wa opita kwa oyesa watsekedwa m'mawa uno. Wayesa kuwaimbira. Foni yozima. Ndamufotokozera zonse, bwinobwino, mopanda chibwibwi, mawu onse amene anakana kutuluka dzulo. Wandimvera chisoni ndithu.

"Nanga bwanji simunangowauza? Paja dzulo munali momwemo?"

Ndinalimo, mayi. Ndinali pansi.

Ndafika kunyumba wopanda tomato. Amami andiyang'ana, ndapukusa mutu, apita kukasenda anyezi kuti pasakhale wofunsa za maso awo.

Madzulo Bwalya waimba pa foni ya adadi. "Usadandaule bebi, udzamaliza tikakhazikika." Amanena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Mkulu wanga Esinati anauzidwa mawu omwewa za kosi yake ya unesi. Mwana wake woyamba ali giredi seveni.

LOWERUKA

Ng'oma kuyambira m'mawa. Andifunditsa chitenje kumutu, andikhazika pakati pa bwalo, andigwiritsa mthiko kuti anthu aone kuti ndayamba ndine. Nthungululu. Pansi pa chitenje kukutentha, ndipo ubwino wake palibe amene akuona nkhope yanga.

Zimene zapita kwa Bwalya: nkhuku, nsomba zouma, kapenta, chikanda, impwa, chibwabwa chotendera, finkubala (mphalabungu za kuno), mbatata, thobwa la munkoyo zigubu ziwiri, ndi nshima imene anyamula anthu awiri. Tomato anakwanira bwinobwino.

Mwambo wake mkwatibwi sapita nawo. Onse akwera lole ndi mapoto pamutu, akuimba, azakhali kutsogolo ngati mkulu wa asilikali. Asananyamuke apisa pachifuwa n'kundibwezera foni, ili yofunda.

Ndiye taonani. Nyumba yonse zii. Magetsi alipo. Foni ilipo. Tebulo ndalibweza kuchipinda ndekha. Tsiku limene ndakhala ndikulipempha sabata yonse lafika, lachedwa ndi tsiku limodzi.

Pa imelo pali yankho la makina: a Dokotala sali mu ofesi.

Ndawerenga chaputala faifi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndimafuna ndichipeze choipa kuti mtima ukhale pansi. Ayi. Ndi chabwino. Pali ndime ina ya mayi wa ku Makululu amene anandiuza kuti sikelo ya wogula zitsulo ikanama, iye amakuwa mpaka msewu wonse ubwere. Sanapite kusukulu mayi ameneyo. Ndinalemba masamba atatu kumuyamikira.

Ndatseka laputopu. Ndatsuka mbaula zonse zisanu ndi imodzi popanda wondituma.

LAMULUNGU

Kutchalitchi alengeza ukwati wathu kachitatu. Wotsutsa palibe. Ndinamvetsera bwino.

Pulani ija ndaimatula pakhoma, yachoka ndi penti. Katundu wa ku Solwezi wayamba kulowa m'makatoni. Laputopu ndaikulunga m'chitenje kuti isasweke, yalowa pakati pa mapoto atsopano ndi mbale za alendo. Adadi alemba pakatoni ndi dzanja lawo labwino lija: ZA KUKHITCHINI. Sindinawakonze.

Mwezi wa mawa ndidzawalembera a Dokotala. Ndalemba pano kuti ndidzawalembera. Ndikuyang'ana chiganizo chimenechi ndipo sichikundiyang'ana m'maso.

Titatuluka m'tchalitchi azakhali anasonkhanitsa amayi a Chigwirizano pansi pa mtengo, ine atandigwira dzanja. Nkhope yawo ikuwala, sindinawaonepo atakondwa chotero. Amandinyadira zenizeni, ndiye poipa pake pamenepo.

"Ana a masiku ano akaphunzira amavuta, koma uyu ayi. Ndinaona ndi maso angawa. Mphunzitsi wake wamkulu anamukalipira, anamunena, mpaka anamufunsa ngati ali ndi mawu. Mwanayu osatsegula pakamwa! Uyu akakhala pabanja."

Nthungululu bwalo lonse. Mayi wina wandikumbatira, wina wandipatsa chitenje chatsopano. Amami anayang'ana kumbali.

Ndagwada, bondo lamanja patsogolo, ndathokoza.

Ndiye sabata ino mayeso amodzi ndakhoza. Mawa tiyamba phunziro la kusita malaya.