A Mababu ndi mbande zawo za m'chipinda

Mumsewu wathu wonse, munthu amene ankakana zoti dzuwa limadziwa ntchito yake anali mmodzi yekha: malemu a Mababu. Atapuma pa ntchito yokonza magetsi, anayamba kufesa mbewu m'nyumba, pansi pa mababu ofiirira olendewera pa mawaya, ndipo dzina lawo lenileni linathera pomwepo.

"Dzuwa ndi laulesi," ankatero. "Limafika mochedwa, likaona mtambo labisala, madzulo laweruka osatsazika. Wantchito wotere ine ndikanamuchotsa kalekale."

Anayamba ndi tomato m'tizitini pawindo. Kenaka tsabola analanda tebulo lodyera, kabichi n'kulowa m'bafa. Tsiku lina akazi awo anafika kwathu atakwapatira pilo m'khwapa.

"Aneba, ndisungeniko. Mabiringanya atenga mbali yanga ya bedi."

Ndinapita kukawalankhulira. Ndinapeza bambowo atagwada, akukupiza mbande ndi katoni.

"Mukutani kodi, bambo?"

"Ndikuziphunzitsa mphepo. Mbande yosagwedezeka imakula yofooka, ngati mwana wongoberekedwa kumsana."

"Nanga mayi agona kuti?"

"Mayiwo ndi okhwima. Akhoza kuwokeredwa paliponse."

Mayi atamva yankho limeneli, amene anawokeredwa anali a Mababu. Anakagona m'bafa limodzi ndi kabichi, ndipo m'mawa ankatiuza kuti sanagonepo ndi anzawo aulemu chotero.

Wina ataona kuwala kwachilendoko anakanena ku polisi kuti m'nyumbamo mukulimidwa chamba. Wapolisi anabwera nkhope ili gwa. A Mababu anamuvulitsa nsapato pakhomo, n'kumuyendetsa mzere ndi mzere, kumufotokozera kuti babu likatalikira mbande imawonda n'kugwa, likayandikira imapsa. Mkuluyo anatuluka dzuwa litapendeka, tsabola ali m'manja monse, chipewa ataiwala pampando.

Tinkawaseka ndithu, mpaka chaka chimene matalala anasasantha nazale zathu zonse. Ine dimba ndi limene limadyetsa ana anga, choncho ndinangokhala pansi m'matopemo n'kuyamba kulira. M'mawa mwake a Mababu anatulukira ndi wilibala yodzaza mbande, khomo ndi khomo, wowaseka ndi wosawaseka yemwe.

"Muyambe mwaziika pamthunzi," anandichenjeza. "Izi sizinaonepo dzuwa chibadwire, zingakomoke."

Ndipo ankabwera kudzaziyendera ngati apongozi, manja kumbuyo, kufunsa kuti tsamba ili lachita chikasu chifukwa chiyani. Chaka chimenecho palibe nyumba inagona ndi njala.

A Mababu sanadwale nthawi yaitali. Kuchipatala anakangana ndi namwino kuti babu la m'wodi lili patali kwambiri, n'chifukwa chake odwala sakuchira msanga. Namwinoyo anabwera ku maliro, akuseka uku akupukuta misozi.

Msewu wathu tsopano uli zii. Mbewu ikafota, umangoiyang'ana wekha, wokukalipira palibe. Koma titabwerako ku manda tinapeza mbewu zimene anafesa asanagonekedwe zitamera zonse, tili timitu mbuu m'tizitini. Mayi anaima nthawi yaitali chala chili pa switchi, kenaka anachichotsa osazimitsa mababu.

Dzulo anandiitana pampanda.

"Aneba, bwerani mudzandigwirire mpando ndikwere. Tomato uja watalika, akufuna kugunda babu."