Chikwama Changa pa Sitima ya ku Nayuchi

Lolemba

Mwana wanga Wezi wachira ku Nayuchi. Mwana wamkazi! Ndikunyamuka Lachinayi: basi kuchoka kuno ku Kande mpaka Balaka, kenako sitima ya pamtunda. Ine chibadwire sitima yomwe ndimaidziwa ndi ya panyanja. Amake Chisomo, oyandikana nawo nyumba, kwawo n'ku Machinga, ndiye sitimayo anakulira momwemo. Akuti, "Mukangophethira, mayi, chikwama chatulukira pawindo."

Abere ena, osati ine. Zonyamula:
ufa wa kondowole
usipa wouma, ndowa imodzi
zovala za khanda, ndi shawelo yomwe ndaluka miyezi itatu
loko, chingwe, nzeru.

Lachiwiri

Loko ndagula ku Chintheche. Wamkulu, ngati wa pakhomo la golosale. Makiyi atatu. Wina m'khosi. Wina pamfundo ya chitenje. Wachitatu ndamubisa malo abwino kwambiri, moti pofika masana ngakhale mwiniwakene sindikukumbuka. Sindikudandaula. Ngati ine sindingamupeze, wakuba angathe?

Lachitatu

Ndauza a Chirwa, amuna anga, kuti ayerekeze kukhala wakuba. Akutenga bolopeni, kubaya pazipi, kukoka. Chikwama yasa! Loko ali lende, wokhoma bwinobwino. Akuti, "Ama, loko wanu alibe mlandu. Vuto n'chikwamachi." Akuseka mpaka kutsamwa. Mkulu wa mpingo zimenezi anaziphunzira kuti?

Zipi yonse ndaisoka ndi ulusi wa ukonde. Zala zikuwawa. Zovala za khanda ndi shawelo ndazichotsa, zili m'kachikwama kakang'ono, kuti akuba asapeze zonse pamodzi. Anthu anzeru timatero.

Lachinayi

M'basi. Tisanafike pa Dwangwa mutu ukuzungulira. Mankhwala anga a BP ali kuti? M'chikwama chosoka chija, pansi pa ufa. Kubwereka lezala, kusomola ulusi umodziumodzi, basi yonse ikuonera. Fungo la usipa lafika mpaka kwa dalaivala. Kondakitala: "Amayi, mwatsegula msika? Mulu ndi zingati?"

Chinsinsi cha katundu wanga tsopano chikudziwika kuyambira Nkhotakota mpaka Salima.

Lachisanu

Ndili ku Balaka, kwa msuweni wanga. Sitima ndi mawa. Kudzuka m'mawa: chibowo pakona ya chikwama, mitu ya usipa ili mbwee pansi. Makoswe! Za anthu ndinakonzekera. Za makoswe palibe anandiuza. Loko ali phee, wosakhudzidwa.

Ndathira chigamba. Msuweni akuti sitimayo waikwera zaka zambiri ndipo sanaberedwepo ngakhale singano. Ndangomuyang'ana. Anthu ena ndi osasamala.

Loweruka

Sitima! Yaitali ngati mudzi. Matomato, njinga, nkhuku, ana, matumba a mpunga. Kachikwama ndakaika pashelefu ya pamwamba. Chachikulu ndachikhalira, chingwe kuchimangirira kumwendo kwanga. Madzi sindikumwa, kuopa kuchimbudzi. Mayi wina akundigawira nzimbe. Ndakana, mwina ndi nyambo. Akuti pa Liwonde tawoloka Shire ndipo kunali mvuu. Sindinaone. Ndimayang'ana manja a anthu.

Nayuchi. Ndangoponda pansi, bambo wina wachipewa wagwira kale chikwama changa.

"Wakubaaa!"

Ndikukoka, akukoka, chingwe chandikola, ndili khu! Chigamba chatayana, ufa nkhope yonse. Anthu atizungulira, wina watola kale mwala. Mkamwini wanga akubwera chothamanga, akufuula, "Amayi, amayi, ndi bambo anga!"

Asewele anga. Nthawi ya ukwati anali ku Joni, ndiye sitinaonanepo. Amati andilandire katundu. Chipewa chawo chili m'fumbi. Ndagwada, ufa uli m'maso, kupepesa m'Chitonga, m'Chichewa, ndi m'Chingelezi chomwe. Tikadali kupepesana, sitima yalira, yabwerera.

Kachikwama kali pashelefu pomwe ndinakaika.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Akuti nkhani yafika kale.

Mkamwini waimbira anthu a kusiteshoni, akuti afufuza. Sindikuyembekezera kanthu. Miyezi itatu ya kuluka, ndipo palibe wandibera. Ndapereka ndekha. Ndalira pang'ono kuseri kwa bafa. Wezi akuti, "Amama, chachikulu mwafika." Khanda lafunda chitenje changa chonunkha usipa ndipo likugona osadandaula. Mphuno ndi ya a Chirwa yeniyeni.

Masana ndikumva panja: "Odi! Wakuba uja wabwera kudzaona mdzukulu."

Khomo lonse phwete. Ine kungowalonjera asewele m'Chitonga, "Yewu, ada," maso pansi. Ndawapatsa usipa womwe makoswe anandisiyira. Alandira ndi manja awiri.

Akuti tsiku lobwerera adzandiperekeza okha kusiteshoni. Afunsa mwaulemu ngati ndidzawalole kunyamula chikwama.