Njinga Yamoto ya Telala Wedisoni

Mwambi wa Zengerezu uja mumaumva kawirikawiri uja unayamba motere, ana inu. Ena adzakuuzani kuti ndi wakale kuposa njinga zamoto, koma amenewo asiyeni, sanalipo.

Pamsika wina kumapiri a ku Ntchisi panali telala dzina lake Wedisoni. Ankasokera pakhonde la golosale, ndipo kusoka ankakutha. Vuto lake linali limodzi: chinthu sankachiyamba mpaka zonse zitakhala m'malo mwake. Munthu wofuna buluku ankamuyeza lero, mawa n'kumuyezanso, ati mwina watalika pogona. Mlongo wake Felesiya, amene ankagulitsa mandasi pambali pa makina akewo, ndiye anamupatsa dzina loti Zengerezu, ndipo dzinalo linamukhala bwino.

Kuseri kwa phiri, kutsidya kwa dambo, kunali mudzi wa kwa Sendwe. Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Esinala, mfunda wake Nankhoma. Wedisoni anamukonda kuyambira ali kusukulu. Paunyamata anazengereza kumufunsira, ati ayambe wagula makina akeake. Pomwe makinawo ankagulidwa n'kuti Esinala atakwatiwa kale ndi wina. Wedisoni sanakwatire. Anasoka madiresi a akwati a dera lonselo, mtima ukumuwawa, koma osauza munthu.

Patapita zaka, mwamuna wa Esinala anamwalira. Nthawi yolira itatha, akuchimuna anamusudzula monga mwa mwambo, namuuza kuti tsopano ndi mfulu. Tsiku lina la msika, anthu ali pakati pokolola, Esinala anatulukira pakhonde paja atanyamula nsalu yoyera.

"Mundisokereko bulauzi, a Wedisoni," anatero.

Wedisoni anati atenge tepi yoyezera, tepi n'kumupulumuka. Anaitola, n'kumupulumukanso.

"Ine kuno sindikhalitsa," anapitiriza Esinala, maso ali pansalu. "Achimwene anga a ku Mchinji akuti adzanditenga mvula isanayambe, ndizikawathandiza kumunda wa fodya. Koma amalume ndawauza kuti patapezeka munthu wobwera ndi mawu, ndingathe kukhala konkuno."

"Munthu wake ndani, Anankhoma?"

"Kaya. Mwina telala."

Atangochoka, Felesiya anasiya mandasi ake n'kumugwira mchimwene wakeyo pamkono.

"Achimwene, mwamva nokha. Mawa lomweli mulawirire kwa Sendwe, mukaonekere kwa amalume ake. Miyendo muli nayo."

"Wapansi?" anatero Wedisoni. "Ndikafike pakhomo la eni nditatuwa ngati wogula nkhuku? Iyayi, mlongo wanga. Esinala wavutika mokwanira. Ine ndikamutenga pa njinga yamoto, naye amveko kamphepo."

Munthu wosakwatira ndalama zimamukhalira. Wedisoni anapita ku Lilongwe nakagula njinga yamoto yofiira, yonyezimira mpaka munthu kudzionera nkhope. Poti kuyendetsa sankadziwa, inabwera pamwamba pa lole, iye ataikumbatira njira yonse. Wogulitsa anali atamuuza kuti, "Bambo, injini yatsopano imafuna kuizoloweretsa. Masiku oyambirira musaithamangitse." Mawu amenewa Wedisoni anawasunga ngati malamulo a m'Baibulo.

Ndiye m'mawa uliwonse anthu ankaona telala akukankha njinga yamoto kuchokera kunyumba mpaka kumsika, thukuta lili kamukamu, mapepala a pulasitiki akadali pachishalo. Madzulo ankaikankhanso kubwerera.

"Kodi yafa kale?" anthu ankafunsa.

"Ikuzolowera njira," ankayankha.

"Anzanu amakwera njinga," anatero Felesiya, "koma inu achimwene njinga ndiyo ikukwera inu."

Manyazi atamukwana, anapempha bambo wina wa kabaza kuti amuphunzitse pabwalo la mpira la kusukulu. Kumeneko ndiye kunali zoseketsa. Akati asiye kilatchi pang'onopang'ono, njinga inkadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Tsiku lina anaiwala kumene kuli buleki, nazungulira bwalo lonse akukuwa kuti, "Ndigwireni! Ndigwireni!" mpaka anakalowa mugolo, ana asukulu n'kuimba m'manja kuti telala wachinya.

Koma tisamunamizire, anaphunzira. Pofika nyengo yozizira ankayendetsa bwinobwino, ndipo njingayo anaikonda. Akatseka makina dzuwa litapendeka, ankaikwera n'kumangoyenda, osati kuti pali kumene akupita. Ankadutsa m'mabulugamu, fungo lake likumulowa m'mphuno, n'kupitirira m'minda yokololedwa mmene mbuzi zinkadya mapesi. Mphepo ikamuomba pachifuwa ankadzimva ngati mnyamata. Koma njira iliyonse imene ankatenga inkakathera malo amodzi: pamwamba pa phiri, pamene msewu umayamba kutsetsereka kulowera kudambo.

Pamenepo ankaima, injini ikulira chapansipansi. Kutsidyako mudzi wa kwa Sendwe unkaoneka wonse: nkhokwe, utsi, nyumba ya malata ya amalume a Esinala, ndi mtengo wa mango pabwalo pake. Wedisoni ankayang'ana mpaka maso kuchita misozi. Ankamusowa mkaziyo kusowa kowawa, kwa zaka zonse zija. Mtima unkati tsetsereka, koma dzanja linkakhotetsa njinga, n'kubwerera kunyumba.

"Nanga bwanji simukutsetsereka?" anafunsa Felesiya. "Dambo ndi louma, njira ili mbee."

"Kuyenda ndekha ndadziwa," anatero Wedisoni. "Koma kunyamula munthu ndi nkhani ina. Ndikakamugwetsa mwana wa eni, ndidzati chiyani?"

Apa ndipo anaganiza nzeru imene anaiyesa yakuya. Anatenga thumba la chimanga, nalikhazika kumbuyo chammbali monga amakhalira amayi, nalimanga ndi mphira. Poona kuti chitenje chimatha kukodwa m'masipoko, anati ayesererenso zimenezo. Analiveka thumbalo chitenje chobiriwira, pamwamba n'kulimanga duku. Pajatu anali telala, ndiye analiveka mwaluso, mpaka munthu woona patali ankati ndi mayi wodzilemekeza.

"Gwirani bwino, Anankhoma, kutsogoloku kuli bampu," ankatero akamayenda.

Anyamata a pamsika ankakuwa kuti, "Moni alamu! Bwanji simuyankha?" Wedisoni sankawalabadira. Akafika pamwamba pa phiri paja ankatembenuka n'kuyamba kuliuza thumbalo mawu onse amene anamukanika paunyamata.

"Anankhoma, ine chuma ndilibe, koma usiwa simudzauona. Chiyambire tili kusukulu, mtima wanga sunapiteko kwina. Lamlungu lililonse tizidzayenda chonchi, inu kumbuyo, ine kutsogolo, mpaka kukalamba."

Mawu okoma ngati amenewo, ana inu, ankathera pachimanga. Ndipo poti chimanga sichikana mwamuna, Wedisoni ankabwerera kunyumba atakhutira.

Kunja kunayamba kutentha. Kunyamula anadziwa, koma anati pakufunika chipewa chachiwiri chodzitetezera, cha Esinala. Choyamba chimene anaitanitsa anati n'chachikulu. Chachiwiri anati mtundu wake sukugwirizana ndi njinga. Pomwe chachitatu chinkafika, msewu unali fumbi lokhalokha, loti galimoto ikadutsa munthu umasanduka wofiira.

"Fumbi ili ayi," anatero Wedisoni. "Bulauzi ndinamusokera ija ndi yoyera. Ndidikire chizimalupsa chigwetse fumbili."

Felesiya anaika manja m'chiuno. "Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino? Munthu anati mubwere mvula isanayambe, ndiye inu mukudikira mvula?"

"Chizimalupsa si mvula, mlongo wanga. Ndi kamvula kongozimitsa lupsa. Kakagwa, dzuwa limawalanso milungu ingapo. Pamenepo ndiye ndidzapite, msewu uli woyera ngati wosesa."

"Mulungu anakulonjezani zimenezo?"

Chaka chimenecho chizimalupsa sichinabwere. Dzuwa linaomba, mitambo n'kumasonkhana pang'onopang'ono, kenaka tsiku lina kumwamba kunangotseguka. Inagwa usana, inagwa usiku, n'kugwanso. Italekeza, Wedisoni anatuluka panja naona anthu ali m'minda ndi makasu, akubzala chimanga. Pamenepo anazindikira kuti iyi ndi mvula yeniyeni. Chizimalupsa sabzalira.

Anamasula thumba lija, navala suti yake ya ku tchalitchi ndi nsapato zopolisha, chipewa cha Esinala n'kuchikoleka pamkono. Kwa nthawi yoyamba anafika pamwamba pa phiri osaima.

Zonse anali ataphunzira, koma matope ayi. Potsetsereka njinga inayamba kuvina, tayala lakumbuyo likufuna kupitirira lakutsogolo. Anaponda buleki, njinga n'kuyenda chammbali. Mwamwayi anafika kumunsi ali pachishalo, koma kumeneko kunali dambo, ndipo dothi la m'dambo ndi makande akuda aja omata ngati ulimbo. Matope anadzaza m'matayala mpaka kuleka kuzungulira. Injini inalira, inalira, kenaka zii. Njinga inapendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, n'kumugonera pamwendo.

Anadzisolola movutikira, bondo litabinya, nsapato zonse zitatsala pansi pa matope. Anayesa kuimirira, n'kugwa. Anayesanso, n'kugwa chagada. Mudzi unali pomwepo, mtengo wa mango ukuoneka, koma mtunda wotulukira m'dambomo unali woterera ngati therere. Panalibe kuchitira mwina. Telala wa suti anagwada, nayamba kukwawa ndi manja ndi mawondo, kwawu, kwawu, chipewa chikukhukhuluzika pambali. Anthu obzala anasiya makasu n'kumaonerera, ena akuseka mpaka kukhala pansi.

Amalume a Esinala, a Tsilizani, anali pakhonde akusankha mbewu ya mtedza. Anaona chinthu chakuda chikulowa pabwalo.

"Kodi ndi munthu kapena ng'azi?"

"Ndine Wedisoni, bambo, telala wa kumsika. Ndabwera ndi mawu."

"Mawu ake olemera bwanji, ofika nawo chokwawa?" anatero a Tsilizani. Anamukhazika pampando, namupatsa madzi osamba kumaso. Kenaka anapumira m'mwamba. "Mwana wanga, Esinala anapita. Achimwene ake anabwera ndi galimoto mitambo itangoyamba kuda, poopa dambo lomwe lakugwetsanili."

Wedisoni anawayang'ana a Tsilizani, matope akudontha m'manja mwa suti.

"Sanasiyeko mawu?"

"Mawu anamuthera. Madzulo alionse ankamva njinga yanu paphiri apo. Ankasamba msangamsanga, kuvala bulauzi yoyera, n'kukaima pansi pa mango aja. Njinga inkalira, kulira, kenaka n'kubwerera. Iye ankati, 'Amalume, akubwera mawa, ndimawadziwa, ndi amanyazi.' Ndiye tsiku lina anayang'anitsitsa, naona kuti kumbuyo kwanu kwakhala mayi wonenepa bwino, wa chitenje chobiriwira, inu mutatembenuka mukucheza naye. Mawa lake chimodzimodzi. Analira mwana uja. Bulauzi anaipinda, natumiza uthenga ku Mchinji kuti abwere adzamutenge."

"Linali thumba!" anakuwa Wedisoni. "Thumba la chimanga, bambo! Ndimaphunzirira kunyamula iyeyo!"

A Tsilizani anayamba kuseka, koma ataona kuti munthu wamkulu akulira ngati mwana, kuseka kunawathera. Anangoti, "Chikhala munabwera wapansi tsiku lomwe lija, bwenzi pano mukubzala naye limodzi."

Anamubweza pangolo, njinga yake itagonekedwa pambali pake, onse awiri akuda bii. Pokwera phiri Wedisoni ankangoyang'ana m'mbuyo, kumtengo wa mango kuja, mpaka unabisika.

Felesiya atamva zonse sanaseke. Anamutenthetsera madzi, namuthowa bondo, chisoni chitamugwira.

"Achimwene, ku Mchinji si kumwamba," anatero. "Basi ilipo. Pitani mukamuuze za thumbalo ndi pakamwa panu, mwina akakumverani."

"Ndipita, mlongo wanga. Ndithu ndipita."

"Liti?"

Wedisoni anayang'ana njinga yake, nayang'ana mitambo. "Bondoli lipole kaye. Njinganso ikufunika kuitsuka. Ndiye mvula ikatha, misewu ikauma bwinobwino..."

Felesiya anaponya kansalu kothowera m'beseni, natuluka panja pamene anthu anasonkhana kudzamva za telala wokwawa. Anapukusa mutu, nanena mawu amene mpaka lero timauza aliyense wokonda kunena kuti mawa:

"Zengerezu adalinda kwawukwawu."